Zikomo nonse amene munaima nafe pa matenda a diso la amayi

Lero masana tatuluka m'chipatala cha maso ndi mawu amene takhala tikuwadikira kuyambira mwezi wa Epulo, akuti pa diso lamanzere la amayi palibe chizindikiro choti chotupa chija chikumeranso. Ndikulemba ndisanavule n'komwe nsapato, choncho ngati ndaiwala wina mundikhululukire, mutu sunakhazikike. Choyamba ulemu upite kwa Mulungu amene anatigwira dzanja pa miyezi yonseyi.

Ambiri mukudziwa mmene zinayambira, kanyama kotuwa pa choyera cha diso chakumbali ya mphuno, kamene tonse tinkati n'kanyama wamba ka anthu okhalitsa padzuwa, poti amayi agulitsa tomato pa Mitundu kwa zaka zoposa 20. Iwo ankakana kuchipatala kwamtuwagalu chifukwa anamva kuti kumeneko amakolowola diso.

Adokotala inu amene munatilandira tsiku loyamba lija, sindikutchulani dzina poti simunandilole, koma mukudzidziwa. Amayi atalowa m'chipinda chija n'kuona makina, anaphimba nkhope ndi chitenje uku akunjenjemera, ndipo inu simunawakalipire ngakhale panja panali mzere wautali. Munandiuza kuti ndiyambe ine kukhala pampando, ndiike chibwano ndi chipumi pa makina, n'kujambula diso langa amayi akuonerera, kuti aone okha kuti palibe mpeni, palibe jakisoni, ndipo palibe chokhudza diso koma kuwala basi. Atatero anavundukula nkhope n'kunena kuti, “Ngati n'choncho, ndijambuleni nanenso.”

Munayamba ndi slit lamp, makina okhala ndi maikulosikopu ndi kuwala kopyapyala ngati mzere, ndipo munadontheza mankhwala achikasu amene amawala mobiriwira pa nyali ya buluu posonyeza pamene pamwamba pa diso pakalika. Kenako munagwiritsa ntchito makina otchedwa OCT, amene m'masekondi ochepa amajambula diso ngati mmene munthu amadulira buledi n'kuona mkati mwake, osagwiritsa ntchito X-ray. Pa kompyuta munaika zithunzi ziwiri moyandikana. Pa changa kansalu kapamwamba pa diso kanali kamzere kosalala kopyapyala ngati tsitsi limodzi, koma pa cha amayi kansalu komweko kanayenda bwinobwino kenako n'kukhuthala mwadzidzidzi ngati chiunda, n'kuwala mbee. Munatifotokozera m'Chichewa chomveka kuti kukakhala kanyama wamba, kansaluko kamakhalabe kopyapyala ndipo mnofu umakhala pansi pake, koma kansalu kakakhuthala kokha chonchi madokotala amaganizira khansa ya pamwamba pa diso, yomwe imatchedwa ocular surface squamous neoplasia. Simunatinamize kuti chithunzi chokha chikukwanira, munanena poyera kuti chotsimikizira ndi kachidutswa kokayezedwa ku labotale, ndipo zotsatira zitabwera zinagwirizana ndi zimene tinaona. Amayi, amene sanapite patali ndi sukulu, analoza okha ndi chala pamene panakhuthala paja, ndipo kuyambira pamenepo sanakanenso chilichonse.

Opaleshoni inachitika mu Meyi, anachotsa chotupa chokha diso n'kulisiya. Zowawa zenizeni zinabwera pambuyo pake ndi mankhwala odontheza a 5-fluorouracil, kanayi pa tsiku kwa milungu inayi, pamene diso linafiira psuu, misozi ili chuchuchu, chikope chitatupa. Usiku wina amayi anabisa botolo pansi pa mphasa n'kulumbira kuti sadonthezanso. Ndinu adokotala amene m'mawa mwake munawajambulanso n'kuwaonetsa chithunzi chakale ndi chatsopano, kuti aone kuti chiunda chija chasalala ndipo mankhwalawo akupha timaselo tosaoneka totsalira m'mbali. Pobwerera m'minibasi anandipempha botolo lija okha.

Ndithokoze mlongo wanga amene ankatumiza ya thiransipoti kuchokera ku Johannesburg mwezi uliwonse osadandaula, bambo a kunyumba amene analolera kuti apongozi awo akhale nafe ku Kawale miyezi isanu ndi iwiri, ndiponso amayi a Mvano amene ankabwera ndi ufa, nkhuni ndi nyimbo. Mulungu akubwezereni mowirikiza. Kwa abale amene munkati amayi alodzedwa n'kumatumiza madzi a mizu oti tidontheze m'diso, ndi ena amene mutamva kuti matendawa amakonda anthu a chitetezo chofooka monga amene ali ndi HIV munayamba kunong'onezana m'malo mobwera kudzazonda, sindikusungirani mangawa, koma ndinaona. Dzuwa nalonso limayambitsa matendawa, ndipo amayi likuwawamba kuyambira ife tili ana.

Adokotala, lero mutatembenuza kompyuta kuti amayi aone kamzere kosalala kuchokera uku mpaka uko, iwo anagwada pasimenti n'kuwomba m'manja, inu n'kuwadzutsa mwamanyazi. Mulungu asunge manja anu ndi banja lanu. Mwatiuza kuti tibwerenso mu Febuluwale kudzajambulitsa chifukwa chotupa chotere chimatha kumeranso, ndipo tidzabwera. Loweruka lino ndikuwaperekeza amayi ku Mitundu, ndawagulira kale chipewa cha khonde ndi magalasi akuda aja munanena.