Keke ya amayi inandidyera Lachisanu lonse

Ndadikira dala kuti mtima uyambe watsika ndisanalembe izi, koma K50 imene anandilipiritsa ya bokosi la keke ikundiwawabe mpaka pano.

Amayi anga akwanitsa zaka 70 mwezi uno, ndiye tinawaitanitsa kuchokera ku Katete kuti tidzawasangalalire kuno ku Lusaka. Tinagawana ntchito: akulu anga nyama ndi makala, mng'ono wanga zakumwa, ine keke. Kwathu ku Chilenje, mbali yolowera ku Woodlands, kuli kashopu kophika buledi, maskoni ndi makeke, kali ndi timatebulo tinayi tomwera khofi pakhonde. Ndakhala ndikugula buledi pamenepo zaka ziwiri, choncho sindinaganize n'komwe zokafunsa kwina.

Ndinapita Lolemba pochokera kuntchito. Mtsikana wa pakauntala anandionetsa zithunzi pafoni, ndinasankha keke ya vanila yosanjikiza kawiri, yokwana anthu ngati 30. Mtengo K800, theka kulipiriratu. Ndinatumiza K400 pa Airtel Money, iye n'kulemba m'kope lawo lalikulu. Ndinanena momveka kuti ndidzatenga Lachisanu, ndipo anati, "Mubwere 10 koloko, amayi, idzakhala yatha." Ndinatuluka wopanda kapepala kalikonse m'manja. Apa ndi pomwe ndikukupemphani: musachoke pakauntala opanda lisiti, ndipo pa lisitipo alembe tsiku, nthawi, ndalama zonse ndi mawu oti alembedwe pa keke. Uthenga wa pafoni umangoonetsa kuti ndalama zinalowa. Sunena kuti keke ndi ya tsiku liti.

Lachisanu ndinapempha tsiku kuntchito, tsiku lochotsedwa pa tchuthi changa. Ndinafika 10 koloko isanakwane. Kafungo ka buledi kanalipo, koma kukhitchini kunali zii. Magetsi anali atazima kuyambira mbandakucha. Aliyense wa mu Lusaka akudziwa mmene 2024 inatichitira: mvula inakana, madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, ndipo magetsi ankabwera maola ochepa, nthawi zambiri usiku anthu tili m'tulo. Zimenezo sindingaimbe nazo mlandu shopu. Chimene sindinadziwe n'chakuti kajenereta kawo kamangokoka filiji ndi makina a khofi. Uvuni wa makeke ndi wamagetsi ndipo jenereta siiutha. Funsani zimenezi tsiku loyamba lomwelo: kodi uvuni wanu ndi wa gasi kapena wamagetsi? Akayamba kuzungulira poyankha, dziwani kuti keke yanu ikudalira nthawi imene magetsi adzabwere.

Anandiuza kuti ndibwerenso 14 koloko. Kubwerera kunyumba kunalibe phindu, kunali alendo odzaza ndipo sindinafune kuti amayi adziwe za keke, ndiye ndinakhala pa katebulo kapakona n'kuitanitsa khofi ndi sikono. Chilungamo ndinene, khofi wawo ndi wabwino. Mnyamata wopanga khofi anandionetsa paketi yake, ndi wolimidwa mom'muno mu Zambia, cha ku Kasama. Anagaya njere ndikuona, n'kuthira mkaka wa thovu pang'onopang'ono mpaka pamwamba panaoneka katsamba. Sikono inali yophikidwa usiku magetsi atabwera, yolimba kunja, yofewa mkati, batala n'kumalowerera m'timaenje. Ndinadya, koma maso ali pa chitseko cha kukhitchini.

14 koloko inakwana, 15 inadutsa. Nditafunsanso, mtsikana uja anatsegula kope lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati, "Amayi, muno mwalembedwa Loweruka." Anali atalemba pa tsamba lolakwika. Ndiye kuti kuyambira m'mawa palibe amene ankakonzekera keke yanga, ngakhale magetsi akanakhalapo. Maola asanu onse amangondiuza za magetsi, osatsegula kope. Chinandipweteka n'chimenecho. Akanaliyang'ana 10 koloko, ndikanabwerera kuntchito n'kupulumutsa theka la tsiku. Ndinalibe choonetsa koma uthenga wa K400. Ndi chifukwa chake ndikubwereza: lisiti, lisiti, ndipo mulijambule pafoni.

Ndaiwala kunena za mawu a pa keke, ndibwerere ku Lolemba. Iwo anazolowera kulemba mawu a Chingelezi a tsiku lobadwa, koma ine ndinafuna kuti alembe "Zikomo aNabanda, zaka 70", chifukwa amayi amakondwa akaitanidwa ndi dzina la mfunda wawo. M'kope ndinapeza atalemba "Anna Banda". Ndikadapanda kusuzumira m'kopemo Lachisanu lija, keke ikanatuluka ndi dzina la munthu wina. Lembani nokha mawuwo ndi dzanja lanu, zilembo zikuluzikulu, muwapatse.

Ndinapempha kuonana ndi mwini shopu. Anafika cha m'ma 16 koloko, mayi wachikulire waulemu wake. Anapepesa: "Pepani mwana wanga, talakwa ndife. Manje tichite bwanji kuti mwambo usaonongeke?" Tinagwirizana kuti aphika usiku magetsi akangobwera, ine ndidzatenge 7 koloko m'mawa Loweruka. Ulendo uno ndinaima pomwepo mpaka analemba zonse papepala n'kusaina. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Loweruka ndinafika, keke ilipo, yokongola, dzina lili bwinobwino. Ndinatulutsa K400 yotsala, mtsikana n'kunena kuti pali K50 ya bokosi. Bokosi! Kodi keke yosanjikiza kawiri munthu angainyamule m'manja kapena kuikulunga m'chitenje? Lolemba palibe anatchula bokosi. Papepala limene tinasainirana dzulo lake panalibenso bokosi. Ndinali nditataya tsiku la tchuthi, ndalama ya khofi ndi sikono zimene sindikanagula, ndiye andiuze kuti katoni yopyapyala ili ndi mtengo wakewake? Mwini shopu anali asanabwere, foni yake siimayankhidwa, ndipo kunyumba anali atayamba kale kuyatsa mbaula. Ndinalipira, misozi ili pafupi. Si kukula kwa ndalamayo ayi, koma kuti munthu amene wakulakwira dzulo akufinyenso lero. Mukamalipira theka loyamba funsani kuti, "Mtengo umenewu ukuphatikiza bokosi, kabolodi kapansi ndi kulemba dzina?" Yankho lake alilembe pa lisiti lomwe lija.

Ponyamula musayese minibasi. Kupanikizana kwa mmenemo ndi mahampu a m'misewu yathu, keke imafika itapendama. Ine ndinaitana galimoto pa Yango, pulogalamu ya pafoni yoitanira takisi, n'kupempha adalaivala kuti tiyende pang'onopang'ono. Bokosi ndinaliika pansi kutsogolo, pakati pa mapazi anga, chifukwa mpando ndi wopendekeka ndipo pamiyendo pamatentha. Nyengo ino yotentha kirimu wa batala sachedwa kusungunuka, ndipo filiji yathu inali yozima, choncho keke inakadikira kwa aneba amene ali ndi sola mpaka nthawi yodula. Zimenezi ndinali nditawapempha kale mkati mwa sabata, ndipo nanunso konzeranitu malo ozizira musanakatenge.

Amayi anawerenga okha mawu a pa keke, kawiri, n'kufunsa kuti anauza ophikawo za mfunda wawo ndani. Chidutswa chawo anadya theka, china anakulunga m'kapepala kuti akagawire azakhali ku Katete.

Lolemba ndinadutsanso pa shopu paja, ndili ndi pepala losainidwa lija m'chikwama, kukafunsa za K50. Mwini wake sindinamupeze. Andiuza kuti ndibwere Lachinayi m'mawa, ndipo ndipitadi.