Fra Diavolo: wachifwamba kapena msilikali wa mfumu?

Lachinayi, usiku.

Mawu a achimwene akundizungulirabe m'mutu. Madzulo tinaonera filimu yakale ya ku Italy, Donne e briganti ya 1950, imene anaikonza Mario Soldati, ndipo itangotha iwo anati, "Iwe, ameneyu anali mbava basi, angomudzoza mafuta kuti awale." Ndinati, "Pepani achimwene, nkhaniyi siyophweka choncho." Koma anali atanyamuka kale, ndipo zimene ndinalephera kuwauza ndizo zandilanda tulo.

Sindikuwaimba mlandu. Dzina la filimuyo limatanthauza akazi ndi achifwamba, ndipo Amedeo Nazzari, amene akusewera ngati Michele Pezza, wodziwika ndi dzina loti Fra Diavolo, ndi wooneka bwino moti munthu umayamba kukayika. Komanso kuyambira 1830, pamene Auber, wopeka nyimbo wa ku France, anapeka sewero lanyimbo lotchedwa Fra Diavolo, dzinali lakhala likumveka ngati la wakuba wa m'nthano. Laurel ndi Hardy, akatswiri a mafilimu oseketsa, anadzalisandutsa nthabwala mu 1933. Zimandipweteka kuti munthu weniweniyo anakwiririka pansi pa zonsezi.

Pezza anabadwa mu 1771 ku Itri, m'banja loyendetsa katundu pa nyulu. Mfundo imeneyi njofunika kuposa mmene imaonekera. Itri ili pa msewu wa Via Appia, pakati pa Fondi ndi Formia, pamene msewu umapanikizika ndi mapiri. Gulu lankhondo lochokera ku Rome kupita ku Naples kudzera msewu umenewu linkayenera kudutsa pamenepo, mizinga ndi ngolo zili pamzere umodzi wautali. Mwana wa oyendetsa nyulu ankadziwa tinjira tonse ta pamwamba pake.

Ndiye nkhondo yake inali yotere. Sumenyana ndi gulu lonse, umadikira lidutse. Umagwera ngolo za chakudya, amithenga onyamula makalata ndi asilikali otsalira m'mbuyo, kenako anthu ako amamwazikana msanga, ena kubwerera kumidzi ngati alimi wamba. Zikatero mkulu wa adani amakakamizika kusiya asilikali ambiri olondera msewu, ndipo omenya nkhondo kutsogolo amachepa. Chofooka cha njirayi n'chakuti mdani akalephera kukugwira amalanga mudzi. Afalansa atalowa ufumu wa Naples kumapeto kwa 1798 anachitadi zimenezo ku Itri, ndipo bambo ake a Pezza anaphedwa.

Apa ndiyenera kuwavomereza achimwene pang'ono, ngakhale mtima sukufuna. Nkhondo isanayambe Pezza anali atapha kale anthu n'kuthawira kumapiri, ndipo chilango chake chinasinthidwa kukhala usilikali. Magulu amene anathandiza Kadinala Fabrizio Ruffo kulanda Naples mu June 1799 anafunkha ndi kupha mwankhanza, ndipo anthu a Pezza sanali oyera m'manja. Filimu ya zochitika zosangalatsa, yopangidwa patangopita zaka zisanu nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, sikanakhalitsa pa mabala oterowo. Anthu anali atatopa ndi magazi enieni.

Koma mbava wamba sapatsidwa udindo wa kanelo, mkulu wa asilikali. Mfumu Ferdinand ya Naples inamupatsa. Mu 1806 Afalansa atabweranso, Joseph Bonaparte, mkulu wake wa Napoleon, n'kukhala pampando wa Naples, Pezza anabwerera kunkhondo m'dzina la mfumu yake imene inali itathawira ku Sicily.

Ulendo umenewu zinthu zinavuta, ndipo chifukwa chake chikuoneka. Linga la Gaeta linagwa mu July, choncho kumpoto kwa ufumuwo kunalibenso gulu lankhondo la mfumu lotangwanitsa Afalansa. Anamasuka kutumiza timagulu tothamanga tomusaka usana ndi usiku, ndipo anaika mtengo pamutu pake. Nkhondo ya m'mapiri imadalira midzi yokupatsa chakudya ndi kukubisa. Midzi ikachita mantha, anthu ako amatha mmodzimmodzi. Anagwidwa ku Baronissi kumayambiriro kwa November atatsala yekha, ndipo pa 11 November 1806 anapachikidwa pa Piazza del Mercato ku Naples, ali ndi zaka 35.

Chingwe chimenecho ndicho chandikwiyitsa usiku uno. Msilikali wogwidwa pankhondo amasungidwa ngati mkaidi. Wopachikidwa ndi chigawenga. Pomutcha wachifwamba, Afalansa anapeza njira yomupha mopanda ulemu wa usilikali, ndipo dzina limene iwo anasankha ndi limene achimwene alibwereza lero m'chipinda chochezera, patatha zaka zoposa 200.

Amene ankatsogolera kumusaka anali Joseph Léopold Sigisbert Hugo, bambo ake a mlembi Victor Hugo. M'filimumu mbali yake akusewera Jean Chevrier. Ndimafuna ndiwauze achimwene zimenezi poyamba, mwina akanakhalanso pansi. Mawa ndiyesa, kaya ndiyambire pa chingwe kapena pa anthu amene Pezza anapha asanakhale msilikali, chifukwa adzandifunsa za amenewo.