Khosi la ku Joni, thupi la mbawa ya ku Santhe

Bezi ya kutchalitchi kwathu kuno ku Kasungu, gitala ija ya mawu aakulu, inatha pang'onopang'ono ngati nsapato. Khosi linapindika ngati uta, nsambo n'kutalikirana ndi ma fret, tizitsulo topingasa pakhosi tija, moti ukaimba nyimbo zitatu zala zimachita kuwawa ngati wachoka kosoka fodya. Nditakauza akomiti, anati ndalama zilipo koma ndi za malata. Malipiro a uphunzitsi mukuwadziwa. Ku Lilongwe ndinazungulira m'mashopu n'kupeza mabezi a mitundu iwiri: otchipa omwe akanapindikanso chimodzimodzi, ndi abwino omwe umangofunsa mtengo, n'kuthokoza, n'kutuluka.

Tili ana ku Santhe tinkakhoma mabanjo a zigubu za mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga, ndipo anyamata akuluakulu anali ndi babatoni wawo wachikopa cha ng'ombe. Choncho maganizo oti choimbira munthu ungathe kudzipangira sanali achilendo. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti bezi yamagetsi inabadwa kale ili yophwasulika. Leo Fender atatulutsa Precision Bass mu 1951, khosi sanalimate ndi guluu, anangolimanga ku thupi ndi masikuluwu anayi. Mpaka lero anthu amagulitsa makosi paokha, mathupi paokha, ma pickup, tizipangizo totola kulira kwa nsambo, paokha. Ndinati basi, zovuta kupanga ndigula, thupi ndisema konkuno.

Ndinayamba ndi khosi chifukwa ndicho chinthu chomwe kalipentala wa kwathu sangakupangire. Mkati mwake mumadutsa chitsulo chotchedwa truss rod, chomwe chimalimbana ndi nsambo kuti mtengo usapindike. Nsambo zinayi zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yofanana ndi thumba limodzi ndi theka la chimanga, usana ndi usiku. Msuweni wanga wa ku Joni anapeza khosi logwirapo kale ntchito mushopu ya zoimbira. Ndinamuvutitsa pa WhatsApp mpaka bandulo kutha. Ndinamuuza aliyang'ane chogoneka ngati mmene amayang'anira thabwa, azungulize truss rod pang'ono ndione ngati ikuyenda, ayeze maboo a kumutu. Iye anati, "Achimwene, mukugula khosi kapena mukufunsira mbeta?" Koma maboowo ndi nkhani. Ena amakhala mamilimita 14, ena pafupifupi 18, ndipo makiyi okungira nsambo ukagula osagwirizana nawo watayitsa ndalama.

Khosilo linali la mtengo wa maple, la ma fret 20, la mtundu wa Jazz Bass lomwe kumutu kwake ndi lopyapyala, mamilimita 38 okha. Zala zanga n'zazifupi, ndiye linandiyenera. Koma pickup ndinasankha ya Precision, ija yogawika pawiri. Zigawo ziwirizo anazikulunga motsutsana, ndiye phokoso la magetsi limazimitsana lokha. Aliyense amene anaimbapo pa jenereta kumsonkhano wa panja akudziwa chifukwa chake ndinafuna zimenezo. Msuweni anagulanso makiyi, buliji yomwe imagwira nsambo pathupi, pickguard yomwe ndi chotchinga cha pamwamba pa thupi, timakina tiwiri ta voliyumu ndi toni ta 250k, capacitor ya 0.047, jaki yolowetsamo chingwe, ndi kambale kachitsulo ka kumbuyo kwa khosi. Zonse anapatsa mkulu wina wonyamula katundu, yemwe analonjeza masabata awiri.

Anatha masabata asanu ndi awiri, ndipo m'menemo ndi momwe ndinadzipweteka ndekha.

Thabwa ndinali nalo kale. Kumudzi kunali tebulo la mbawa la mu golosale ya malemu bambo, lomwe linakhala m'chisakasa zaka zambirimbiri nkhuku zikugonapo. Matabwa a kumsika ambiri amakhala aawisi, ukasema lero pofika Okutobala apotoka. Ili linali louma gwa, komanso lochindikala. Mbawa ndi m'bale wake wa mahogany yomwe opanga magitala kunja amaifuna, kungoti imalemera. Ndinalikweza pa minibasi n'kukalitula kwa madala ena opala matabwa kuseri kwa msika, omwe amapanga zitseko ndi mabokosi a maliro, ndipo ali ndi makina a router. Tinadula zidutswa ziwiri, tinazipala mpaka mamilimita 45, n'kuzimata m'mbali ndi guluu. Zinagona m'makilampu masiku awiri.

Kudikira katundu kutanditopetsa, ndinapeza pulani ya thupi la Precision pa intaneti, n'kukaisindikiza pa boma pa mapepala a A4, n'kuwalumikiza ndi selotepi. Ndinapita nayo kwa madala aja kuti tidule zonse, kuphatikiza mphako yolowamo khosi ndi maboo asanu a buliji. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, khosilo lili kuti?"

"Lili m'njira, madala. Miyezo yake ndi yomweyi."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine felemu sindidula ndisanaone chitseko."

Ndinakakamira, iwo n'kungoti ndalama ndi zanu. Khosi litafika linakana kulowa. Mphako ya mtunduwu imayenera kukhala mamilimita 63.5 m'lifupi ndi 16 kuya kwake, koma yathu inapelewera pafupifupi mamilimita awiri. Makina osindikizira anachepetsa tsamba lililonse pang'ono kuti likwane papepala, ndipo ine sindinaikepo rula ngakhale kamodzi. Mphako yothina ndi mwayi, umangowonjezera. Vuto lenileni linali ku buliji.

Apa ndi pomwe pagona bezi yonse, ndiye ndifotokoze bwinobwino. Kuchokera pa nut, kachidutswa koyera kaja ka kumutu komwe nsambo zimadutsapo, kufika pomwe nsambo zimakhala pa buliji, pamayenera kukhala mainchesi 34, omwe ndi mamilimita 864. Fret ya 12 ili pakatikati penipeni. Ma fret anakhomedwa kale motsatira muyezo umenewu, sungawasunthe. Buliji ikasendera kutsogolo, nsambo yosagwira imamveka bwino, koma ukayamba kukwera m'munsi mwa khosi mawu onse amakwera kuposa oyenera, ndipo wa kiyibodi amayamba kukuyang'ana chammbali. Maboo anga anali atasendera kutsogolo kuposa mmene timipando ta pa buliji tokhalapo nsambo tingabwerere. Tinasema timitengo, tinatipaka guluu, n'kutseka maboo onse asanu. Madala sanandinene. Anangondipatsa tepi m'manja n'kuti ndiyeze ndekha.

Kachiwiri tinachita motere. Tinakulitsa mphako pang'onopang'ono ndi tchizulo mpaka khosi linalowa mothina, loti ukanyamula thupi silikugwa msanga. Tinalipana ndi kilampu, titaika kansalu kuti ma fret asaphwanyike. Ndinayeza kuchokera pa nut kufika pamwamba pa fret ya 12, n'kupeza mamilimita 432, kenako ndinayezanso 432 ena kuchokera pamenepo n'kulemba mzere pathupi. Kampando ka nsambo yaing'ono, ya G, ndinakasendeza chakutsogolo n'kukaika pamzerewo, chifukwa nsambo zikuluzikulu zimafuna kubwerera m'mbuyo, osati kutsogolo. Kenako ndinatenga ulusi wa makina wa mayi a kunyumba, n'kumanga zingwe ziwiri kuchokera m'mipata ya kumapeto ya nut kufika pa buliji. Ndinasuntha buliji uku ndi uku mpaka mpata wa pakati pa ulusi ndi mphepete mwa khosi unafanana mbali zonse ziwiri. Pamenepo ndi pomwe tinaboola.

Poboola khosi lenilenilo mtima unali m'mwamba. Ukapitirira pang'ono, nsonga imatulukira pakati pa ma fret. Tinakulunga katepi pa kachitsulo koboolera kuti tidziwe polekezera. Maple ndi wolimba zedi, timasikuluwu ta makiyi timathyokeramo ngati sunayambe waboola kabowo kotsogolera. Madala anandiphunzitsa kupaka sikuluwu iliyonse pa kandulo isanalowe, ndipo palibe ngakhale imodzi inathyoka. Malo a pickup ndi a mawaya sindinakhulupirirenso pepala. Ndinagoneka pickguard yeniyeniyo pathupi n'kulemba mozungulira ndi pensulo.

Mbawa inalemera monga ndinkaopera, ndiye tinasema kwambiri kumbuyo, pogunda mimba, ndi kutsogolo pogona mkono. Kukwecha kunanditengera madzulo a sabata yathunthu pakhonde: sandipepa wa 80, 120, 220 mpaka 320. Ndinayamba ndi vanishi, koma fumbi la Okutobala la kuno silikhululuka. Kamvuluvulu mmodzi anadutsa pabwalo, m'mawa thupi lonse linali ngati msasa. Ndinakwechanso n'kusintha, ndinapaka mafuta a linseed ophika kale a ku hadiweya, pang'onopang'ono ndi kansalu, kupukuta otsala, kudikira tsiku, kubwerezanso. Mtengo unafiira bwino ngati chikopa cha mbuzi yonenepa. Nsanza za mafuta amenewa musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha. Ine ndinkaziyanika padzuwa chotambasula.

Mawaya ndinalumikiza ndekha usiku umodzi, magetsi atabwera cha m'ma 10 koloko. Si ambiri: pickup kupita ku voliyumu, voliyumu ku toni ndi capacitor yake, kenako ku jaki. M'mphako monse ndinayalamo tepi ya kopa yotchinga phokoso. Nditalumikiza ku ampu yokuzira mawu, bezi inalira, ndipo ana anadzuka. Koma pansi pake pankamveka kung'ung'udza kosalekeza, ndipo ndikagwira nsambo sikunkachepa. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 50 pa sekondi, ndipo G wa pa fret yachitatu ya nsambo yaikulu ali pa 49, ndiye zinkamveka ngati wina akuimba nane G wosakungidwa bwino nyimbo yonse.

Ndinaitengera kwa mnyamata wokonza mawailesi ndi ma TV pafupi ndi depoti. Anaika mita yake, nsonga ina pa nsambo, ina pa jaki. Zii. "Bigi, buliji yanuyi ilibe earth." Waya ndinali nditauika ndithu, kudutsa pa kabowo kochokera m'mphako kukatulukira pansi pa buliji. Koma pomanga masikuluwu, wayawo unamira mu mtengo wonyowa mafuta osakhudza chitsulo. Anausenda motalikirapo, anautambasula timawaya take ngati tsache, anapala pansi pa buliji kuti pawale, n'kumanganso. Mita inalira, phokoso linatsika. Anandichenjezanso kuti popeza nsambo tsopano zalumikizana ndi earth ya ampu, ndisamaimbire pa ampu yomwe pulagi yake anaidula n'kungosomeka mawaya awiri pakhoma. Ya kutchalitchi inali yotero kumene. Tinaigulira pulagi ya mano atatu tsiku lomwelo.

Chotsala chinali kuikonza kuti izimveka ngati choimbira, ndipo izi zili ndi ndondomeko yake yosadumphika. Ndinamanga nsambo za .045 mpaka .105 n'kukunga E, A, D, G ndi pulogalamu ya pafoni. Choyamba ndi khosi: ugwire nsambo pa fret yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, uyang'ane mpata pa fret ya 8. Pazingolowa kakhadi kopyapyala ngati ka mayunitsi. Mpata ukakula, umange truss rod kumanja. Ukasowa, umasule. Kota ya mzungulo basi, kenako uisiye igone. Chachiwiri ndi kutalikirana kwa nsambo ndi ma fret, komwe umakonzera pa buliji, ine ndinasiya pafupifupi mamilimita awiri ndi theka pa E, ocheperako pang'ono pa G. Chomaliza, uimbe nsambo yosagwira, kenako ugwire pa fret ya 12. Foni ikaonetsa kuti wakwera, ubwezere kampando m'mbuyo. Ukasintha khosi pambuyo pake, zonsezi uyambiranso, ndiye musayambire kumapeto ngati mmene ndinachitira tsiku loyamba.

Lamulungu loyamba palibe anaizindikira kupatula wa ng'oma, yemwe anatembenuka pa nyimbo yachiwiri n'kugwedeza mutu. Titaweruka, amayi ena a mvano anafunsa chifukwa chake kumutu kwake kulibe dzina. Madala aja anabwera dala ngakhale si a mpingo wathu. Anaitembenuza, anayendetsa chala pamzere pomwe tinamata matabwa, n'kufunsa ngati yotsatira ndidzabwere ndi khosi kaye.

Mvula itayamba mu Disembala, nsambo ya A inayamba kukhuta ma fret oyambirira pakati pa nyimbo ya chopereka, phokoso lake ngati njuchi m'botolo. Chinyezi chinali chitalowa mu mtengo, khosi n'kuwongoka mopitirira. Kunyumba ndinamasula truss rod kota imodzi, m'mawa mwake inali bwinobwino. Kasipanala kakeko tsopano kamakhala m'kathumba ka chikwama limodzi ndi nsambo ya G yapadera, chifukwa mphepo ya Juni ikafika kadzafunikanso, ulendo uno kumanga. Phewa lamanzere limawawabe mapemphero akatalika, ndipo mayi a kunyumba andisokera lamba wotambalala kuchokera ku jinzi yakale.