Ndinapita ku Birmingham kukasaka mthuthuthu

Loweruka lapitali ndinadzuka 5 koloko ngati tsiku la shifiti koma sikunali kuntchito ayi, unali ulendo umene ndakhala ndikuulota chaka chonse. Ine ndi alamu anga tinakwera sitima pa Leicester kulowera ku Birmingham, kamvula kamawawa kakunoka kali waa, kuzizira kwake kolowa mpaka mmafupa.

Zanjinga zamotozi zinandilowa ndili mwana kwathu ku Dedza. Bambo anga anali alangizi a zaulimi ndiye anali ndi Yamaha DT 125, ija yolira ng'eee nkumasiya utsi kumbuyo, ine amandikhazika pa thanki manja ndili gwa pa handulo. Koma iwowo ankati iyi ndiyongogwirira ntchito, njinga yeniyeni inali BSA yakuda ya abambo a kumishoni iwo ali anyamata, akuti imati ikamakwera mtunda mudzi wonse umadziwa kuti abambo akubwera, thu thu thu thu, anthu nkumati mthuthuthu uwo. Kulira kumeneko ndikomwe ndimakafuna.

Sitima yathu inadutsa pa Hinckley pomwe pali fakitale yamasiku ano ya njinga zamoto za Triumph, ndinachita kumata nkhope pa windo. Pa New Street tinasintha sitima mpaka Birmingham International kenako taxi, kamtunda kochepa basi tafika pa National Motorcycle Museum, malo osungirako ndi kuonetserako njinga zamoto.

Abale inu. Njinga zoposa 1,000 zonse zopangidwa ku Britain konkuno, zandandalikana holo ndi holo zili mbee, kafungo ka oyilo ndi polishi kakukulandira pakhomo pomwe. Malowa anawatsegula mu 1984 bambo wina dzina lake Roy Richards ndipo mu 2003 kunabuka moto woopsa womwe unapsereza njinga zoposa 300, koma anthu sanagwe ulesi anamanganso nkutsegula chaka chotsatira, zina zomwe zinapsa anazidzutsa bawuti ndi bawuti. Nditamva zimenezo ndinayamba kuziyang'ana mwaulemu.

Ndinathamangira ku ma BSA. Kampaniyi poyamba inkapanga mfuti, dzina lonse ndi Birmingham Small Arms, nchifukwa chake pa chizindikiro chake pali mfuti zitatu zoyedzamirana, fakitale yake inali ku Small Heath mutawuni momwemu. Ndinaima nthawi yaitali pa Gold Star, thanki yake yonyezimira moti umadziona nkhope, ka baji kofiira kokhala ndi nyenyezi, injini ya silinda imodzi yaikulu ili poyera popanda pulasitiki yoibisa, waya aliyense ukumuona komwe akuchokera ndi komwe akupita. Chapafupi panali ka Bantam kakang'ono ka 125cc komwe pulani yake anaitenga ku kampani ya DKW ya ku Germany nkhondo yachiwiri itatha. Alamu anakodwa ndi ma Brough Superior, mtundu womwe msilikali wotchuka wa ku Britain T. E. Lawrence anachita nawo ngozi yomwe inamupha mu 1935. Anandionetsanso chinthu chomwe ndikanachiphonya, akuti alamu taonani giya ili mwendo wamanja buleki kumanzere, mosemphana ndi njinga zonse zomwe tinazolowera.

Koma mkati monsemo munali zii. Njinga zonsezo palibe yolira, ndipo pofika masana mtima unayamba kundiwawa pang'ono.

Potuluka ndipomwe mwayi unandipeza. Pamalo oimika magalimoto panali mdala wina wa imvi mbuu akuvala magolovesi pambali pa BSA B31 yake ya 350cc. Ndinalimba mtima nkumupempha ngati ndingajambule akamailiza, anangomwetulira. Anatsegula petulo, nkutekenya kabuleta mpaka petulo atanyowetsa chala, nkupondaponda kiki pang'onopang'ono kusaka pomwe pisitoni yalimba, kenako anadumphira ndi thupi lonse. Kachiwiri inavomera. Thu... thu... thu thu thu, pansi pakunjenjemera, galasi likuvina, ine tsitsi lili nyaunyau misozi ili mbwee mmaso.

Tinacheza mwina theka la ola. Ndinamuuza kuti ndikufuna kugula yakale ngati yakeyo ndiye anandifunsa mafunso awiri okha, uli ndi galaja, nanga uli ndi masipanala a Whitworth? Akuti mabawuti a njinga zimenezi sagwirizana ndi masipanala a mamilimita omwe tili nawowa, ndipo njinga yotere imafuna munthu wogona nayo Lamulungu lililonse kuimanga apa kuithira oyilo apo. Ubwino wake ikapitirira zaka 40 sulipira msonkho wapamsewu ndipo MOT, kuyezetsa kwa chaka ndi chaka ngati njinga ili yoyenera pamsewu, siikukakamiza, komabe iye anati yamba ndi yatsopano yooneka mwachikale uyende kaye, yakaleyo idzakupeza. Sizinandikomere kumva koma amanena zoona, ine ndimakhala nyumba ya lendi njinga izigona panja pa tenti, ndipo ndimafuna yoti 6 koloko mmawa ndikadina batani idzuke.

Ndiye madzulo tinadzera pa shopu ina yogulitsa njinga. Triumph Bonneville ndiyokongola zedi koma mtengo wake ndi wa anthu ena. BSA nayo inabwerera, pano ili mmanja mwa amwenye a Mahindra ndipo akupanga Gold Star yatsopano ya 650. Koma ine mtima unagwa pa Royal Enfield Classic 350. Nayonso ndi yakonkuno, inabadwira ku Redditch kummwera kwa Birmingham, mu 1955 anayamba kuimanga ku Madras ndiye fakitale yakuno itatseka amwenye anangopitiriza mpaka lero ku Chennai, dzina latsopano la Madras yemweyo. Mphamvu zake ndi mahatchi 20 okha, si yothamangitsana ndi aliyense, koma mateyala a masipoko, nyali yozungulira, chishalo chotakasuka, ndipo ndi silinda imodzi. Wogulitsa atailiza ndinatseka maso. Sikufika pa ya mdala uja ayi, koma thu thu yake ilimo. Ndinapereka dipoziti pomwepo, ndikaitenga mwezi wamawa ndikalandira.

Mu sitima pobwerera ndinawatumizira bambo ka vidiyo ka B31 kaja pa WhatsApp. Tisanafike ndi pa Nuneaton pomwe foni inalira, kumbuyo ndikumva mayi akufunsa kuti chikulira nchiyani, bambo akuti iwe, waupeza kuti umenewu? Ndi womwewo, mthuthuthu wa abambo uja ndi womwewo, tanditumizirenso wina wautali.