Loweruka ku Dedza: kuphunzira kukamba nkhani m'sitima ya alendo

Kwacha ndi chifunga, monga mmene kumachera mu June kuno ku Dedza, ndipo maphunziro a achinyamata otsogolera alendo anayamba cha m'ma 9 koloko m'malo mwa 8, podikira a ku Mtakataka ndi ku Golomoti amene minibasi yawo inakwera Khwekhwelere mokwawa. Mutu wa lero unali nkhani zophunzitsa zimene zimakambidwa m'sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo pa nyanja zamchere, ndi mmene luso lomwelo lingatithandizire pa nyanja yathu.

Tinayamba ndi kulongosola ntchitoyo mmene ilili. Sitima ya alendo ikanyamuka pa doko, pamakhala masiku ena amene siima paliponse. Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard imayenda mausiku 7 kuchoka ku Southampton kukafika ku New York, madzi okhaokha. Masiku opanda doko amenewa ndiwo a wokamba nkhani. Amapatsidwa holo ya zisudzo ya m'sitimamo, kawirikawiri m'mawa cha m'ma 10 kapena 11, mwinanso nkhomaliro itatha, ndipo nkhani imodzi ndi ya mphindi 45. Akapyola pamenepo walowerera nthawi ya wina, chifukwa holo yomweyo ikudikiridwa ndi wokamba wotsatira kapena oimba okonzekera za usiku. Wogawa nthawi ndi bwana woona zosangalatsa alendo, cruise director, ndipo pepala la ndondomeko ya mawa limafika m'zipinda za alendo madzulo. Pa pepalapo nkhani yako imapatsidwa mzere umodzi kapena iwiri, pakati pa masewera a bingo ndi maphunziro a kavinidwe. Palibe amene amakakamizidwa kubwera. Ndiye mutu wakuti "Mbiri ya Nyanja ya Malawi" subweretsa munthu, pomwe wakuti "Nsomba yolerera ana m'kamwa" umadzutsa ngakhale amene anali padzuwa.

Okamba nkhani alipo a mitundu itatu. Pali wofotokoza za doko limene sitima ikupita: mbiri yake, anthu ake, zoyenera kuona ndi zoyenera kupewa. Pali katswiri wa phunziro limodzi, kaya nyenyezi, mbalame, nkhondo zakale kapena nyimbo. Ndiye pali a m'sitima zing'onozing'ono zopita kumalo ovuta kufikako, amene amakamba m'holo madzulo, m'mawa n'kutsika ndi alendo pa maboti a mphira. Mwambowu si wa dzulo. Kampani ya Swan Hellenic inkatenga akatswiri a zakale, monga Mortimer Wheeler, pa maulendo a ku Greece kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo Lars-Eric Lindblad anapita ndi alendo ku Antarctica mu 1966. Kumeneko malamulo a IAATO, bungwe la makampani otengera alendo kumeneko, salola anthu oposa 100 kutsikira kumtunda nthawi imodzi, ndipo sitima yonyamula anthu oposa 500 sitsitsa aliyense. Wokwera sitima yaikulu choncho amangoonera patali, ndiye zonse zimene adzadziwe za malowo zichokera pakamwa pa wokamba nkhani.

Mnyamata wina wa ku Linthipe sanachedwe kufunsa zimene onse amaganiza: "Nanga malipiro ake, achimwene?" Yankho lake ndi lofunika kulinena poyera. M'sitima zambiri zikuluzikulu wokamba nkhani woitanidwa salandira malipiro a pamwezi. Amapatsidwa chipinda ndi chakudya, kawirikawiri pamodzi ndi mnzake mmodzi, ndipo za tikiti ya ndege yokafikira pa doko zimatengera mgwirizano. Olandira ndalama ndi olembedwa ntchito m'sitima zing'onozing'ono zija, ndipo iwo amafunika chiphaso cha chitetezo cha panyanja chotchedwa STCW ndi kalata ya dokotala. Madoko apafupi ndi ife kumene sitima zoterezi zimaima ndi monga Durban, Cape Town, Maputo, Zanzibar ndi Mombasa. Aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama kuti akupezereni malo m'sitima sabata yamawa, musamumvere.

Kenaka tinalowa pa phata la tsikuli, kumanga nkhani ya mphindi 45. Pa bolodi tinagawa motere: mphindi 3 zotsegulira, 35 za nkhani yeniyeni yogawidwa patatu, 2 zotsekera, 5 za mafunso. Munthu woyankhula Chingerezi modekha, kwa omvera amene ambiri ndi achikulire ndipo ena Chingerezicho si chawo, amatulutsa mawu pakati pa 120 ndi 140 pa mphindi. Nkhani yonse ndiye ndi mawu pafupifupi 5,000, basi. Zithunzi zikhale 30 mpaka 40, chimodzi pa mphindi, chilichonse chodzaza sikilini yonse. Mawu olembedwa pa chithunzi asapyole mzere umodzi, ndipo zilembo zisachepere saizi 30, chifukwa wokhala kumbuyo kwa holo sangawerenge zazing'ono. Mapu abwere koyambirira, ndipo abwerenso paliponse pamene nkhani yasamukira kwina. Zaka zotchulidwa zisapyole zisanu m'nkhani yonse. Zikachuluka omvera amangogwedeza mutu, palibe chimene asunga.

Lamulo lalikulu kuposa onsewa ndi lakuti nkhani ikambidwe dzulo lake la chinthucho, ndipo ilozere zimene mlendo akaone ndi maso ake mawa. Wokamba wabwino amamupatsa zinthu zitatu zoti akayang'ane akatsika, ndipo madzulo a tsikulo mlendoyo amabwera kudzamuuza kuti wazipeza. Pamenepo ndi pamene nkhani yagwira ntchito.

Tinayeserera ndi nyanja ya Malawi. Mtsikana wa ku Mtakataka, mwana wa m'banja la asodzi, anaimirira koyamba. Anayamba ndi kutalika kwa nyanja, kenaka maiko atatu oizungulira, kenaka Livingstone, kenaka mitundu ya nsomba, ndipo mphindi 10 zinatha asanafike pa chilichonse chimene munthu angakumbukire. Nkhani ili ngati mtolo wa nkhuni: ukatola chilichonse chimene waona m'tchire, luzi limaduka usanafike pakhomo. Anzake anamuthandiza kusankha zitatu. Choyamba kuya kwake: malo akuya kwambiri ndi mamita oposa 700, koma kupyola mamita 200 ndi pang'ono madziwo alibe mpweya, ndiye nsomba zonse zimakhala m'chigawo cha pamwamba. Chachiwiri nsomba za mbuna ndi abale ake, mitundu yoposa 700 imene pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndiponso mmene yaikazi imasungira mazira ndi tiana m'kamwa pafupifupi milungu itatu. Chachitatu nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi n'kuoneka patali ngati utsi wa moto, ndipo anthu a kumpoto kwa nyanja amatigwira n'kupanga ndiwo. Atabwereza, anayamba ndi manja: anatukumula masaya, n'kuonetsa mmene chambo chachikazi chimalavulira tiana kenaka n'kutimezanso ngozi ikafika. M'kalasi monse munangoti zii. Za nsombazi anazidziwira pa gombe kalekale. Chimene chinasowa poyamba chinali kusankha.

Za Livingstone tinagwirizana chinthu chimodzi. Anafika pa nyanjayi mu 1859, ndipo mawu ake ndi omwewo, "anafika". Wotsogolera alendo wa Chimalawi asanene kuti anaitulukira, pomwe anapeza midzi, mabwato ndi makoka m'mphepete mwake.

Cha m'ma 11 magetsi anathima, pulojekita n'kuzima pakati pa nkhani ya mnyamata wina. Anaima, n'kuyamba kugwiragwira mawaya. Izi zinatipatsa mpata wokamba za zimene zimalakwika m'sitima, chifukwa ndi zambiri ndithu. Makina akafa, wokamba asasiye kuyankhula; wokonza makina alipo, ntchito imeneyo ndi yake. Nkhani iyenera kukhala m'mutu moti ingathe kuyenda popanda chithunzi ngakhale chimodzi. Zithunzi zikhale pa laputopu, pa mafulashi awiri, ndiponso zitasinthidwa kukhala PDF, chifukwa kompyuta ya m'holo ikhoza kusokoneza zilembo. Intaneti ya m'sitima imadzera pa satelayiti ndipo si yodalirika, ndiye kanema aliyense akhale wosungidwa kale, osati wokatsegula pa YouTube. Kachingwe ka HDMI, kochoka pa laputopu kupita ku pulojekita, ndi kolumikizira kake unyamule wekha. Ufike m'holo mphindi 30 nthawi isanakwane, uyese maikolofoni, ufunse ngati batire yake ndi yatsopano.

Zina n'zapanyanja pokha. Nthawi ya 12 koloko masana kaputeni amalengeza pa zokuzira mawu za m'sitima yonse kumene mwafika ndi mmene nyengo ilili. Akayamba, iwe khala chete mpaka amalize, kenaka bwereza chiganizo chimene unalekezera. Mafunde akakula, ima miyendo yotalikirana, dzanja limodzi pa gome, maso kwa anthu, chifukwa kuyang'anitsitsa laputopu ndi kumene kumabweretsa nseru. Mankhwala ambiri a nseru ya panyanja amagonetsa, ndiye usawayese koyamba pa tsiku la nkhani. Mphepo ikaletsa sitima kuima pa doko, tsiku lopanda doko lawonjezeka mwadzidzidzi, ndipo cruise director adzakugogodera usiku kuti mawa ukambe. N'chifukwa chake wokamba amanyamula nkhani zokwana masiku opanda doko, n'kuwonjezerapo ziwiri zapadera. Nkhani zambiri zimajambulidwa n'kuonetsedwa pa TV ya m'zipinda, ndipo kanyali kofiira kolozera kawirikawiri sikaoneka pamenepo, ndiye uzinena ndi pakamwa kuti "kumanzere, pamwamba". Funso lililonse ulibwereze pa maikolofoni usanayankhe. Ndipo pali nkhani zosayenera tsiku lake: za sitima ya Vipya, imene inamira pa nyanja yathu mu July 1946 n'kupha anthu 145, ndi mbiri yofunika kuidziwa, koma osati kuikamba kwa anthu amene agwira zitsulo mwera ukuwomba.

Nkhomaliro inali nsima ya nyemba ndi kachewere wokazinga. Magetsi anabwera tikudya.

Masana tinatenga nkhani ya kwathu konkuno, zojambula za m'mapanga a Chongoni. Mfundo zake ndi zosavuta kusanja: malo 127, olembedwa ndi bungwe la UNESCO ngati chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006; zojambula zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri ndipo amati ndi za Akafula, zoyera, zopakidwa ndi chala pogwiritsa dothi loyera, ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Ku Mphunzi, ku Namzeze ndi ku Chentcherere ndi kumene alendo amafikako kwambiri. Chovuta chinabuka pamene mnyamata wina, pofuna kukometsa nkhani, anayamba kumasulira chithunzi china choyera mozama. Mayi wachikulire amene anabwera kudzatithandiza pa za miyambo anakweza dzanja. "Mwanawe, ima pomwepo. Zimenezo si za pabwalo." Mnyamatayo anati, "Pepani amayi, ndamva," n'kukhala pansi.

Tinakhalitsa pa mfundo imeneyi, ndipo inayeneradi. Mlendo wolipira ndalama zambiri amafunsa mafunso olowa m'kati, ndipo wokamba wachinyamata amaopa kuoneka ngati sadziwa. Koma Gule Wamkulu, ngakhale analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ali ndi eni ake, ndipo zakudambwe ndi zakutsimba zili ndi malo ake. Chimene chimaonekera pabwalo, wokamba akhoza kufotokoza: nthawi imene gule amatuluka, pa maliro, pa ziliza, polonga mfumu; zimene Kasiyamaliro amaimira poyera; mmene oonera ayenera kukhalira. Zopyola apo, yankho lake ndi lakuti zimenezo zimaphunzitsidwa kwa olowa mwambo okha, ndipo alendo ambiri amalemekeza yankho lotero. Wofuna kuona mmene nkhanizi zimasanjidwira kwa anthu akunja apite ku Mua, kumene a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902 ndipo Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni, malo osungira chikhalidwe ndi luso, mu 1976. Zithunzi za pa sikilini zikhale zojambula wekha, ndipo za gule ujambule utapempha kwa amfumu.

Chakumapeto tinabweretsa zonsezi pa Ilala, chifukwa ndi sitima imene ambiri mwa achinyamatawa angakwere ndi alendo. Inapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Dzinalo inatengera sitima ya amishoni ya mu 1875. Imayenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba kudzera ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Ndi sitima ya anthu, matumba a chimanga ndi usipa, ndiye kakambidwe kamasintha. Nkhani ikhale ya mphindi 15, pa deki ya pamwamba, kwa anthu osaposa 15. Pulojekita padzuwa ilibe ntchito. Tenga zithunzi 6 kapena 8 za saizi ya A3 zokutidwa ndi pulasitiki, zoboola pakona n'kumanga ndi chingwe kuti mphepo isaziulutse. Ima mphepo ikukuwomba kumsana kuti mawu apite kwa omvera, ndipo dzuwa likhale m'maso mwako, osati mwawo. Usakambe pamene maboti akutsitsa anthu ndi katundu, chifukwa phokoso limachuluka ndipo maso onse ali kumeneko. Za tchalitchi cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, uzikambe ola limodzi musanafike pa Likoma. Amalawi anzathu okwera nawo akabwera pafupi kudzamvera, uwamasulire mwachidule m'Chichewa, ndipo ukaona msodzi wachikulire m'gululo umufunse za mphepo ndi nsomba za dera limenelo, iwe uzimasulira alendo.

Tinaweruka cha m'ma 4 koloko kuti a kunyanja atsike phiri kusanade. Ntchito ya Loweruka likudzali: aliyense abwere ndi nkhani imodzi ya mphindi 15, mutu wake wa mawu osaposa 8, mfundo zitatu, zithunzi 8 zojambula yekha, ndipo akhale ataikamba kale mokweza katatu kunyumba, wotchi ili patsogolo. Mfundo iliyonse ya chaka kapena nambala alembe pambali pake kumene anaipeza. A ku Mtakataka atenga za nsomba, a ku Linthipe za Chongoni, a ku Lizulu za Angoni a kwa Gomani.