Timaulendo tapambali m'paki ya m'mapiri: yambani mwawerenga chikweza

Munthu akamapita ku paki ya m'mapiri amakonzekera bwino ulendo waukulu, uja wokwera nsonga yotchuka. Pamene pamavuta ndi pa timaulendo tapambali: mathithi amene chikwangwani chikuti ali pa makilomita atatu okha, chitunda choonerapo chigwa, kanyanja ka kuseri kwa phiri. Anthu amapatukirako atavala masilipasi, botolo la madzi atalisiya m'galimoto, ati tingosuzumira n'kubwerako. Koma kuphiri mawu akuti "pafupi" ndi osadalirika, chifukwa chimene chimadya nthawi ndi chikweza.

Pali kawerengedwe kakale kamene William Naismith wa ku Scotland anakonza mu 1892, ndipo kakugwirabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, n'kuonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse amene mukwere. Tiyerekeze njira ya makilomita 6 kupita ndi kubwera, yokwera mamita 450. Mtundawo ukudyerani ola ndi mphindi 12, chikweza mphindi 45, zonse pamodzi pafupifupi maola awiri. Naismith ankanena za munthu wamphamvu woyenda osaima. Inu muima kujambula, kupuma, kudikira mnzanu wotsalira, choncho ikani maola atatu. Ngati pali ana kapena njirayo ndi ya miyala yogumuka, onjezanibe.

Chikwezacho mumachipeza pa mapu. Pa mapu a sikelo ya 1:50,000, masentimita awiri ndi kilomita imodzi. Mizere yopindikapindika ija imasonyeza kutalika kwa malo, ndipo m'mphepete mwa mapu amalemba kuti pakati pa mzere ndi mzere pali mamita angati. Werengani mizere imene njira yanu ikudutsa pokwera, muchulukitse ndi mamita amenewo. Mizere ikathithikana, pamenepo ndi potsetsereka kwambiri, mwina phompho. Mapu a pafoni ndi abwino ngati mwawasungiratu musanalowe m'paki, poti netiweki imathera pachipata kapena pa chigwa choyamba. Foni ikamasakasaka netiweki, makamaka kukazizira, batire limatha msanga, ndiye izimitseni mbali ya netiwekiyo. GPS, imene imasonyeza pa mapu pamene muli, imagwirabe popanda iyo.

Njira zopita ku mathithi zili ndi msampha wake. Zambiri zimayamba ndi kutsika, ndiye mumafika muli osatopa, mukuseka, chikweza chonse chikukudikirani pobwerera dzuwa litakwera. Mukatsika mphindi 40, yembekezani kukwera ola ndi mphindi 20. Pa mathithi penipeni choopsa si kuya kwa dziwe kokha. Miyala yonyowa ili ndi ndere yoterera ngati sopo, ndipo amene amagwa kawirikawiri amakhala amene anakwera pamwamba pa mathithi kufuna chithunzi chabwino. Komanso mvula ikhoza kugwa kumtunda inu osaiona. Madzi akayamba kuda, kubweretsa zinyalala ndi nthambi, kapena mkokomo ukasintha, tulukani m'khwawamo mukwere chitunda nthawi yomweyo. Powoloka mtsinje masulani lamba wa chikwama wa m'chiuno kuti mukagwa muchitaye mosavuta, yang'anani kumene madzi akuchokera, ndipo musavule nsapato. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo, ine ndinganene kuti mathithiwo adikire tsiku lina.

Nthawi yobwerera muigwirizane musananyamuke, muitchule ndi pakamwa: ikakwana 1 koloko masana tibwerera, kaya tafika kaya sitinafike. Chifukwa chake ndi mitambo. M'nyengo yotentha dzuwa limatenthetsa zigwa m'mawa, mpweya wonyowa umakwera m'mbali mwa phiri, ndipo masana mitambo ya mvula imaunjikana pansonga. N'chifukwa chake chitunda choonerapo patali chimafunika m'mawa, pamene ulendo wa pagalimoto mungausiyire madzulo. Mukaona mphezi, werengani masekondi mpaka bingu ligunde. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, chokani pamsana pa phiri, pansi pa mtengo woima wokha ndi pakhomo pa phanga losaya, mutsike. Dikirani mphindi 30 bingu lomaliza litagunda musanakwerenso.

Kuzizira nako kumadzidzimutsa. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Ngati pachipata panali madigiri 24, pa chitunda chokwera mamita 1,500 kuposa pamenepo mupeza 14, mphepo tisanaiwerengere. Malaya a thonje akanyowa ndi thukuta sauma msanga, amangoyamwa kutentha kwa thupi mukaima. Valani za poliyesita kapena ubweya, ndipo jekete ya mvula ndi juzi zikhale m'chikwama ngakhale kumwamba kuli mbee. Mnzanu akayamba kunjenjemera, kupunthwa ndi kulankhula zosamveka, wazizidwa mopitirira. Muvuleni zonyowa, mumufunditse, adye cha shuga, mutsike naye. Dzuwa la kumapiri limapserezanso khungu kuposa la kuchigwa, ngakhale kukuzizira, ndiye chipewa ndi mafuta oteteza kudzuwa musaiwale.

Mapaki ena ali ndi misewu yofika pamwamba kwambiri, ndipo galimoto imakukwezani mofulumira kuposa mmene thupi lingazolowerere. Kupitirira mamita 2,500 ena amayamba kumva mutu, nseru ndi chizungulire chifukwa cha kuchepa kwa mpweya. Sizitengera mphamvu za munthu. Zikayamba musakwerenso, zikakula tsikani. Tsiku loyamba pamalo otere likhale la timaulendo tatifupi.

Madzi tengani pafupifupi theka la lita pa ola lililonse loyenda, kukatentha kuposa pamenepo. A mumtsinje, ngakhale oyera bwanji, awiritseni mphindi imodzi, ndipo kupitirira mamita 2,000 mphindi zitatu, poti kumeneko madzi amawira asanatenthe kwenikweni, pa madigiri pafupifupi 93. M'chikwama mukhalenso tochi ya pamutu, wezulo, pulasitala ndi chakudya choposa chimene mukuganiza kuti mudya. Chidendene chikangoyamba kutentha, imani mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke. Nsapato zatsopano musaziyesere paphiri.

Nkhungu ikakutsekerani ndipo njira yasowa, imani. Kulakwitsa kofala ndi kutsata mtsinje poganiza kuti ukafikitsa kwa anthu. Kuphiri mtsinje ukhoza kukafikitsa pa phompho. Bwererani pamene munaona chizindikiro chomaliza ngati mukupakumbukira bwino, apo ayi khalani malo amodzi, valani zonse, muziimba wezulo. Apa m'pamene kulembetsa pa ofesi ya paki kumapindula: nenani njira imene mutenge ndi nthawi yobwerera, ndipo mukasintha ganizo n'kupatukira kwina, dziwani kuti okufunani akayambira kumene munalemba.

Za nyama, funsani malamulo a paki imene mwapitayo, chifukwa amasiyana. Ku paki ya Yellowstone ku America, mwachitsanzo, salola kuyandikira chimbalangondo kapena mmbulu kuchepera mamita 91, ndipo nyama zina mamita 23. Nyama ikasiya kudya n'kuyamba kukuyang'anani, mwayandikira kale kwambiri. Osaipatsa chakudya: yozolowera kupatsidwa imayamba kulanda, mapeto ake amaipha.

Potsika ndi galimoto kuchokera ku chitunda, ikani giya yotsika, yachiwiri kapena yoyamba, injini igwire galimoto. Mukapondereza mabuleki mtunda wonse amatentha n'kusiya kugwira. Mukamva fungo lopsa kapena buleki ikayamba kufewa, imani pambali azizire, osawathira madzi. Funsaninso nthawi imene chipata chimatsekedwa, muichotsere nthawi ya msewu wokhotakhota, umene pa makilomita 30 ukhoza kukudyerani ola lathunthu.