Chithunzi chinali choona, bodza linali m'munsi mwake

Anzanga a m'kalasi, tsopano ndamvetsa momwe zithunzi za pa foni zimatinamizira, ndipo ndikumva ngati ndatula mtolo wa nkhuni womwe ndinausenza kuyambira teremu yatha. Sindiyamba kufotokoza kuti misinformation ndi chani disinformation ndi chani, mitundu ija ya nkhani zabodza, tonse tinakopera manotsi omwewo, enanu munaloweza mpaka malo opumira. Inenso ndinaloweza, mayeso ndinakhoza bwinobwino, koma foni ikangolira pa gulu la WhatsApp la kubanja ndimapusitsidwa ngati munthu woti m'kalasi muja sanapondemo.

Pomwe ndimagwera ndi apa. Ndimaganiza kuti ntchito yonse ndi kuona ngati chithunzi ndi chopanga. Ndimachikuza ndi zala, kusaka pomwe pasokedwa, mthunzi wokhota, munthu wa zala zisanu ndi chimodzi, ndikasowa cholakwika ndimati basi nzoona izi, tumiza. Chonsecho zithunzi zambiri zomwe zimatinamiza palibe anazikhudza ndi Photoshop. Zinajambulidwadi, madziwo ndi madzi enieni, anthu akulirawo ankaliradi. Bodza limakhala pa timawu tiwiri titatu tomwe munthu walemba m'munsi, toti ndi lero, toti ndi kwathu kuno.

Sabata yatha amalume anaponya chithunzi pa gulu, nyumba zitamira mpaka m'mawindo, anthu atakwera pa malata, m'munsi mwake akuti ndi ku Makanjira lero m'mawa tiyeni tipemphere. Mayi ali ndi achemwali awo kumeneko, anasiya nsima pamoto nkuyamba kuimba foni, siikupezeka, kuimbanso, siikupezeka, ndiye mukudziwa netiweki ikavuta mtima umangothamangira ku maliro. Ine wophunzira uja ndinakhulupirira nawo. Mitengo ya m'chithunzimo inkaoneka ngati migwalangwa yathu yomwe, ndipo msewu wa ku Makanjira nthawi ya mvula tonse timaudziwa khalidwe lake. Ndinachikuza, zala za anthu onse zinali zokwanira, ndinati eee zachitikadi.

Usiku ndili ndi kabandulo kotsala ndi pomwe ndinakumbukira Google Lens, pulogalamu yomwe umaipatsa chithunzi nkukusakira komwe chinaonekapo pa intaneti. Ndinasunga chithunzicho mufoni, kutsegula Lens, kuchisankha, kudikira kanthu kaja kazungulire. Chinatuluka pa masamba a nkhani a chaka cha 2019, ku Beira ku Mozambique, nthawi ya Cyclone Idai m'mwezi wa Malichi. Nyumba zomwezo, malata omwewo. Nditabwerera kukachiona bwino, pakona penipeni panali khoma la shopu lolembedwa Chipwitikizi, ndipo ine ndinalidutsa kangapo konse ndili kalikiliki kuwerenga zala za anthu. Ndinaseka ndekha mu mdima, manyazi pang'ono komanso kupepukidwa, achemwali a mayi aja m'mawa anaimba okha kuti foni inangothera moto.

Ndiye funso silakuti chithunzichi ndi chenicheni kapena ayi. Funso ndi lakuti chinajambulidwa liti, kuti, ndipo anayamba kuchiika ndani. Ndikudziwa ndikubwereza koma ndisiyeni ndibwereze, chifukwa teremu yonse ndimafunsa funso lolakwika ndipo ndimalandira yankho lolondola la funso lolakwikalo. Chithunzi chimatha kukhala choona zana pa zana nkhani yake nkukhala yabodza zana pa zana, ziwirizi sizitsutsana ayi. Zili ngati munthu wakugulitsa usipa wa sabata yatha nkumati watuluka m'nyanja m'mawa uno, usipawo ndi usipa ndithu, sanakupatse matemba, wakunamiza tsiku lokha basi.

Ndipo ndaona chifukwa chake zimalowa mosavuta chonchi. Wolemba timawu tija sakubweretsa mantha achilendo, akupeza chitseko chili chotsegula kale. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 tinamuona zomwe anachita ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kolera wa 2022 mpaka 2023 kuno ku Mangochi sitinachite kumva kwa anthu. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo m'mphepete umu. Munthu woti waona zonsezi ukamuonetsa nyumba zomira sangayambe wafunsa deti, amayamba waganiza za m'bale wake. Kanthu kena komwe kandichititsa manyazi ndi timivi tiwiri tija ta Forwarded many times. Ine ndimatiwerenga ngati umboni woti nkhani ndi yaikulu, anthu ambiri aitsimikiza. Pomwe tanthauzo lake nloti uthengawo wadutsa m'manja mosachepera kasanu usanafike kwa iwe, mwini wake sakudziwikanso, ndipo nchifukwa chake kuyambira 2020 WhatsApp imangolola kuutumiza kumalo amodzi pa nthawi imodzi. Chithunzi cha amalume chinali natonso timivito, ndinationa, sindinatimve.

Panopa Lens ndiye mnzanga wapamtima, ndipo ndinena mosaopa kuti mphindi imodzi ya Lens yandiphunzitsa kuposa manotsi a teremu yonse. Ndakhala ndikuponyamo chilichonse, chithunzi cha ngozi ya basi, cha ng'ona yaikulu yomwe akuti yagwidwa mu Shire, cha munthu yemwe akuti akufuna thandizo la kuchipatala tumizani pa nambala iyi. Palinso ina yosakira zithunzi, TinEye, yomwe imalola kusanja zotsatira kuyambira chakale kwambiri, imeneyo ndiye imandikomera chifukwa umaona komwe chithunzi chinabadwira. Ena amakonda kupita pa Africa Check, tsamba la bungwe lofufuza ngati nkhani ndi zoona, kukaona ngati nkhani inafufuzidwa kale, nzabwino, koma tinkhani ta kumudzi kwathu ngati ta Makanjira ndani angatilembe kumeneko. Kukanakhala kwa ine, phunziro lonseli likanangokhala aliyense atulutse foni, nachi chithunzi, pezani kwawo.

Apa ndiye pomwe pamandipweteka. Aphunzitsi athu ndi munthu wabwino, sindikuwanyoza, koma masabata onse aja tinathera pa matanthauzo, mitundu ya nkhani zabodza, ntchito za MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, kulemba kulemba mpaka cholembera kutha. Za kusaka chithunzi zinabwera tsiku limodzi kutatsala mphindi zochepa kuti tiweruke, magetsi nkuzima, pulojekita zii, iwo nkuti mukayese kunyumba. Kunyumba kwake kuti? Ndikaweruka ndimathamangira kukathandiza mayi pa thandala, kutembenuza usipa, kuthamangitsa akhwangwala, pofika madzulo thupi lonse likununkha nsomba mutu sukugwiranso. Ndiye pali nkhani ya bandulo yomwe m'kalasi sinatchulidwe nkomwe. Ambiri kwathu amagula ya WhatsApp yokha chifukwa ndi yotsika mtengo, imeneyo Google siitsegula. Amalume atha kulandira bodza tsiku lonse koma poti akalifufuze alibe polowera, ndipo ine nkumawauza kuti muzifufuza kaye, ndi ndalama ya ndani.

Kuwauzako kunalinso mayeso ena. Pa gulu sindikanatha, mwana sudzudzula amalume pamaso pa alamu awo. Ndinawalembera kumbali kuti amalume mwaswera bwanji, pepani, chithunzi chija ndachipeza kuti ndi cha ku Beira chaka cha 2019, ndinaikapo ndi sikirinishoti. Anayankha kuti zikomo mphwanga, sukulu ikukuthandiza, koma ifenso tinangolandira, kuchenjeza abale sikulakwa. Pa gulu sanachotse. Mpaka pano chilipo, azakhali ena anaikapo timanja topemphera.

Dzulo kwabwera voisi noti, mayi wina wosatchula dzina akulankhula modekha bwino kuti mnzake wogwira ntchito kuchipatala wamuuza zakutizakuti za katemera wa ana. Ndinatsegula Lens mwachizolowezi kenako ndinangoyang'ana foni, mawu ungawaponye pati. Ndinakumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera ndipo panalibe chithunzi choti munthu asake. Komanso zithunzi za AI izi, zomwe kompyuta imachita kupanga yokha, chikapangidwa lero m'mawa chilibe chakale choti Lens ichipeze, ibwera chimanjamanja, ndiye ine ndiziti chiyani, nzoona chifukwa sichinaonekepo kwina? Mwina funso lija loti anayamba ndani likugwirabe ntchito ngakhale pa voisi noti, kungoti ndizifunsa anthu mmodzimmodzi kubwerera m'mbuyo, wakutumizira ndani, nayenso wamutumizira ndani. Ndayesa, ndafika pa munthu wachitatu, akuti anaitenga pa gulu la anthu a kabaza. Kaya ndipitirize kaya ndidikire Lolemba ndikafunse m'kalasi, ngati magetsi adzakhalepo.